Buleka Ikagwa Nsima Ili Pamoto

Lero tikamba za kachipangizo komwe kali m'nyumba iliyonse ya magetsi, koma eni nyumba amakakumbukira pokhapokha kakawachititsa manyazi pamaso pa alendo. Ndikunena buleka yaikulu, ija ena amati meni switchi, pamodzi ndi fyuzi yomwe inkagwira ntchito yomweyo m'nyumba zakale. Ndiyankhula makamaka ndi anthu a ku Kanjedza, koma a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri musasunthe wailesi, pakuti nkhaniyi ndi yanunso.

Dandaulo lake mumalidziwa. Nthawi ili cha m'ma 6 koloko madzulo, kwa aneba kukuwala, mayunitsi m'mita alimo, koma m'nyumba mwanu mdima bii. Mayi agwira mthiko m'manja, ufa angothira kumene. Bambo ayatsa tochi ya foni, apita kubokosi la pakhoma, apeza buleka yagwa, ayikweza. Magetsi ayaka, ana akuwa ndi chimwemwe. Sipatenga nthawi, yagwanso. Zikachitika masiku angapo otsatizana, bambo aja amaitana mnyamata wina wodziwa za magetsi, ndipo mnyamatayo akangoyang'ana m'bokosimo amati, "Bwana, buleka yanuyi ndi yaing'ono. Tigule yaikulu, vuto litha lero lomwe."

Malangizo amenewa ndi omwe ndabwera kudzatsutsa. Vuto limaonekadi ngati latha, chifukwa buleka imasiya kugwa. Koma buleka sayiyeza potengera kuchuluka kwa zipangizo zomwe mwagula. Amayiyeza potengera kunenepa kwa waya yemwe ali kuseri kwake. Magetsi akamadutsa mu waya, wayayo amatentha, ndipo kutenthako sikukwera pang'onopang'ono ayi: magetsi odutsamo akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Waya aliyense ali ndi malire ake. Akapyola pamenepo, pulasitiki yomukuta imafewa, kenako imauma n'kuyamba kusweka, ndipo tsiku lina mawaya awiri osavala amakhudzana m'denga momwe muli matabwa ouma ndi zisa za makoswe. Ntchito ya buleka ndi kudula magetsi waya asanafike pamenepo. Mukachotsa ya maampu 30 n'kuikapo ya maampu 60 pa waya yemweyo, simunawonjezere magetsi m'nyumba. Mwangopereka chilolezo choti waya apse mwakachetechete.

Amene mudakulira m'nyumba zakale mukukumbukira fyuzi ija ya dothi loyera lonyezimira, yomwe munkachita kuzula ngati dzino. M'kati mwake munkadutsa kawaya kowonda, komangidwa ndi timasikuluwu tiwiri. Kakapsa kankasiya mwaye wakuda pa dothipo. M'masitolo ankagulitsa kawaya kake kokulungidwa pa kakatoni, kolembedwa 5, 15 ndi 30, ndipo munthu ankayenera kubwezera kofanana ndi komwe kapsa. Koma ndani ankapita kusitolo usiku? Ankatenga waya wa kopa wosenda ku chingwe chakale, n'kumupinda kawiri kapena katatu kuti alimbe. Ena ankaika pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, ena mpaka msomali. Nyumba zina mpaka lero zikuyendera msomali womwe adaika agogo. Kuika buleka yopyola muyezo ndi msomali womwewo, kungoti wagulidwa ndi ndalama zambiri.

Tsono n'chifukwa chiyani vutoli lakula m'madera ngati Kanjedza? Nyumba zambiri za ku Kanjedza, Chitawira ndi Nkolokosa zidamangidwa ndi bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1964. Amisiri omwe ankayala mawaya m'nyumbazo ankaganizira banja limodzi, mababu angapo, wailesi, simbi, mwina ndi kuka. Lero lowani pa mpanda womwewo muone. Nyumba yaikulu adayiwonjezera zipinda. Boyizikota idasanduka nyumba ya lendi. Kuseri kwake kwamangidwa zipinda zina ziwiri za ana a sukulu a ku yunivesite ya MUBAS kapena anyamata ogwira ntchito ku Limbe. Kutsogolo kuli kagolosale ka filiji ziwiri, kapena saluni ya zoumitsira tsitsi. Zonsezi zikuyamwa pa waya mmodzi wochokera pa polo, kudzera pa mita imodzi. Sindikudzudzula munthu pofuna ndalama ya lendi, moyo wa m'tauni ndi umenewo. Ndikungoti nyumba idakula koma waya sadakule.

Masamu ake ndi apafupi, ngakhale mwana wa sitandade 6 atha kukuwerengerani. Magetsi a m'nyumba zathu amabwera pa mavolti 230. Chipangizo chilichonse chimalembedwa mawati ake, pansi kapena kumbuyo. Tembenuzani ketulo yanu, muona nambala ngati 2000W. Gawani mawatiwo ndi 230, yankho lake ndi maampu omwe chipangizocho chimakoka. Ketulo ya mawati 2,000 imakoka maampu pafupifupi 9. Giza ya mawati 3,000 imakoka 13. Simbi ya mawati 1,500 imakoka pakati pa 6 ndi 7. Filiji, kanema ndi mababu a LED khumi, zonse pamodzi, kawirikawiri sizipyola maampu 2 kapena 3. Apa pali chodabwitsa chomwe makolo ambiri sachidziwa. Amakalipira ana tsiku lonse chifukwa chotchaja foni ndi kusiya babu loyaka kubafa, pomwe zomwe zikugwetsa buleka ndi zipangizo zotenthetsa. Chilichonse chomwe chimawiritsa madzi, kuphika, kusita kapena kufunditsa chipinda ndiye chilombo cha magetsi.

Tiyerekeze mpanda wina ku Kanjedza, madzulo a mwezi wa June, chiperoni chatsika, buleka yaikulu ndi ya maampu 60. Buleka yotereyi imanyamula mawati 13,800 nthawi imodzi. M'nyumba yaikulu mayi ayatsa mapuleti awiri a kuka ndi uvuni: mawati 6,000. Giza ikutenthetsa madzi osamba: 3,000. Ketulo ya tiyi wa abambo: 2,000. Mtsikana akusita yunifomu ya mawa: 1,500. Agogo kuchipinda akuwotha hita: 2,000. Kuseri, alendi awiri aliyense wayatsa hotipuleti yake: 4,000. Filiji, kanema ndi mababu tingoti 500. Tikaphatikiza tikupeza mawati 19,000, omwe ndi maampu pafupifupi 83. Buleka ya 60 ikagwa pamenepa, musayinyoze. Yagwira ntchito yomwe mudayigulira.

Ndipo siigwa nthawi yomweyo. M'kati mwa buleka muli kachitsulo kopyapyala komwe kamapindika kakatenthedwa. Katundu akapyola muyezo pang'ono, kachitsuloko kamapindika pang'onopang'ono, ndipo kamatha kupirira mphindi zambiri ndithu kasanadule. N'chifukwa chake magetsi sathima mayi akungotereka madzi. Amadikira phala liwire, ufa ulowe, mthiko uyambe kulemera, basi pamenepo.

Tsopano tengani mpanda womwewo, anthu omwewo, zipangizo zomwezo. Giza izimitsidwe 5 koloko, idzayatsidwe 9 koloko usiku kapena masana, popeza thanki yake imasunga madzi otentha kwa maola ambiri. Yunifomu isitidwe masana kapena anthu akatha kudya. Agogo afunde bulangete kwa ola limodzi, hita iyake nsima ikapsa. Tachotsa mawati 6,500, kwatsala 12,500, omwe ndi maampu 54. Buleka ili phee. Palibe wagona ndi njala, palibe wasamba madzi ozizira, ndipo palibe wagula kanthu. Chomwe chasintha ndi nthawi yokha.

Koma si kugwa konse kwa buleka komwe kumabwera chifukwa cha katundu wambiri, ndipo apa mvetserani bwino kuti musamalipire mmisiri pa matenda olakwika. Ikamagwa patapita nthawi, makamaka madzulo ndi m'mawa, ndipo mukayikhudza ikumveka yofunda, ndi katundu. Ikamagwa nthawi yomweyo mukangoyikweza, mwina ndi kaphokoso kothetheka, ndiye kuti penapake mawaya akhudzana. Zikatero musalimbane nayo, zulani mapulagi onse, ndipo ikapitiriza itanani mmisiri. Palinso buleka ina yokhala ndi kabatani koyesera, yomwe amisiri amati earth leakage. Imeneyi simawerenga kuchuluka kwa katundu. Imanunkhiza magetsi omwe akuthawira kunja kwa njira yake, monga kudzera m'madzi a giza yobooka kapena m'thupi la mwana yemwe wagwira waya wosenda, ndipo imadula pa timagetsi tochepa kwambiri, mamiliampu 30. Buleka wamba imateteza waya, iyi imateteza munthu. Mmisiri wina akatopa nayo amangoyilambalala, n'kunena kuti ndi yovuta. Mmisiri wotere musamupatsenso ntchito.

Za manambala a mawaya sindikufuna kukusandutsani amisiri, koma ndi bwino muziwadziwa kuti munthu asakupusitseni. Waya wa mababu amakhala wa mamilimita 1.5, ndipo buleka yake ndi ya maampu 6 kapena 10. Wa masoketi ndi wa 2.5, ndipo akangopita mbali imodzi osazungulira kubwerera kubokosi, buleka yake isapyole 20. Wa kuka yaikulu ndi wa 6, buleka yake 32. Wolowetsa magetsi m'nyumba yonse pa maampu 60 amakhala wa 16, kapena wosachepera 10 malinga ndi momwe wayalidwira.

Apa ndiye pali ngozi yomwe ndimayiona kwambiri m'mipanda ya alendi. Mwini nyumba akamanga chipinda kuseri, amagula waya wa 2.5, amamulumikiza kuseri kwa soketi ya kukhitchini kapena molunjika pa buleka yaikulu, n'kumuponya pa mpanda kapena kumukwirira pansi popanda paipi. Poyamba m'chipindamo mumakhala mnyamata wa babu limodzi ndi laputopu. Chaka chamawa wakwatira, kwabwera hotipuleti, ketulo ndi simbi. Waya wa 2.5 uja tsopano akunyamula maampu 25 kapena 30, pomwe buleka yomwe ikumulondera ndi ya 60. Kwa bulekayo zonse zili bwino. Waya atha kusungunuka buleka ili chiimire. Chipinda chilichonse cha lendi chimayenera kukhala ndi waya wake wokwanira, wochokera kubokosi lalikulu kudzera pa buleka yakeyake, ndi kabokosi kake komweko. Kopambana n'kupempha ESCOM mita yapadera, zomwe zimathetsanso mikangano ija ya mwezi ndi mwezi yoti wamaliza mayunitsi ndani.

Waya weniweniyo muzimuyang'ananso pogula. Pamsika pali mawaya ena olembedwa 2.5 koma m'kati mwake ndi owonda, ndi ena ofiira kunja kokha, mukawapala ndi mpeni mupeza chitsulo choyera. Oterewa amatentha msanga kuposa kopa weniweni. Gulani ku sitolo yodziwika, ndipo funsani ngati katunduyo ndi wovomerezeka ndi a Malawi Bureau of Standards. Chimodzimodzinso maekisitenshoni otchipa aja a mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi. Pulagi yathu ya mano atatu ili ndi kafyuzi m'kati kosapyola maampu 13, kutanthauza kuti ekisitenshoni yonse, ngakhale ikhale ndi mabowo angati, malire ake ndi mawati pafupifupi 3,000. Ketulo ndi hotipuleti pa ekisitenshoni imodzi zapyola kale. Mukaona soketi yachita chikasu kapena yadetsedwa m'mbali mwa mabowo, kapena m'chipinda mukumveka kafungo ngati ka nsomba yowola koma simunagule nsomba, zimitsani. Ndi pulasitiki ikupsa. Za chizolowezi cholowetsa mawaya osavala mu soketi n'kuwapanikiza ndi timitengo ta machesi, ndisachite kunena.

Wina afunsa kuti, nanga mmisiri weniweni amadziwa bwanji kukula kwa buleka yaikulu pa nyumba yatsopano? Kodi amangophatikiza zipangizo zonse? Ayi. Atatero nyumba iliyonse ikanafuna waya wonenepa ngati dzanja. Amadziwa kuti zipangizo siziyaka zonse nthawi imodzi, ndipo ngakhale puleti la kuka limayaka n'kumazima lokha likatentha. Malamulo a ku Britain a kayalidwe ka mawaya, omwe mapulagi ndi masoketi athu amatsatira, ali ndi njira yowerengera zimenezi. Pa kuka, mwachitsanzo, amatenga maampu 10 oyamba onse, kenako magawo 30 pa 100 alionse a otsalawo. Kuka ya mawati 8,000, yomwe papepala imakoka maampu 35, amayiwerengera ngati 18. Giza sayichotsera kanthu, chifukwa ikayaka imakoka mphamvu yake yonse. Njirayi ndi yabwino pa banja limodzi. Koma pa mpanda wa mabanja atatu omwe onse amaweruka 5 koloko n'kuphika 6 koloko, kuchotserako kumakhala kochepa, ndipo tsiku la chinkhoswe kapena Khirisimasi kulibiretu. Choncho mukamamanga, muuzeni mmisiri zoona. Ngati mumtima mukudziwa kuti kuseri mudzamanga zipinda zinayi, nenani pomwe makoma asanapakidwe pulasitala.

Zimachitika kuti mwawerenga bwino, mwagawa nthawi, koma katundu ndi wochulukadi: muli ndi makina owotcherera zitsulo, uvuni wa bizinesi ya makeke, kapena kachigayo. Pamenepo njira ndi kupita ku ESCOM kukapempha magetsi okulirapo, mwina a three phase, omwe amabwera pa mavolti 400 ndipo katundu amagawidwa pa mawaya atatu. Ntchito ya m'nyumba igwiridwe ndi mmisiri yemwe ali ndi chiphaso cha bungwe la MERA, ndipo kumufunsa chiphasocho si mwano. Mita ndi zonse zili kumtunda kwake, kuphatikizapo fyuzi yomatidwa ndi chidindo, ndi katundu wa ESCOM. Kuzitsegula ndi mlandu. Dziwaninso kuti mamita ambiri a mayunitsi ali ndi malire awoawo, ndipo katundu akapyola amadula okha kwa kanthawi. Mutha kuika buleka ya maampu 100 n'kumakhalabe mumdima.

Mita yomweyo itha kukhala mphunzitsi wanu. Mamita ambiri ali ndi kagetsi kofiira komwe kamaphethira, ndipo pambali pake pamalembedwa kuti kamaphethira kangati pa yuniti imodzi, kawirikawiri 1,000. Madzulo ano imani pamenepo ndi ana. Kukakhala filiji ndi mababu okha, kagetsiko kamaphethira mwaulesi, mpaka mutha kuganiza kuti kafa. Wina ayatse ketulo, muona kakuphethira pafupifupi kamodzi pa masekondi awiri alionse. Awonjezere giza ndi kuka, kayamba kuthamanga. Mwana akaona zimenezi ndi maso ake, simudzavutikanso kumufotokozera.

Tsopano titulukeko kumpanda. Waya wanu amakathera pa thiransifoma ya pamsewu, yomwe mumagawana ndi nyumba zina makumimakumi. Nayonso ili ndi malire ake ndi mafyuzi ake. Aliyense mu Blantyre amadziwa momwe mpopi umachitira m'mawa anthu onse akatsegula nthawi imodzi: okhala kumtunda amangolandira madontho. Magetsi amachitanso chimodzimodzi. Okhala kumapeto kwa laini amaona mababu akufiira, ketulo ikuchedwa kuwira, filiji ikung'ung'udza osadzuka, ndipo injini ya filiji ikamavutika chotere imapsa. Fyuzi imodzi ya thiransifoma ikapsa, mumaona zija zoti mbali imodzi ya msewu kukuwala, mbali ina mdima. Tikatero timatukwana ESCOM, ndipo nthawi zina pamakhala chifukwa, pakuti nyumba zachuluka pomwe mathiransifoma ena ndi omwe aja akale, ndipo akuba mafuta ndi kopa wa m'mathiransifoma akutibwezeranso m'mbuyo. Koma mbali ina ya mlanduwo ili m'makhitchini mwathu.

Dziko lonse lili ndi vuto la mpanda wa ku Kanjedza uja. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komwe kampani ya EGENCO yakhala ikuyendetsa makina kuyambira 2017 pomwe idapatukana ndi ESCOM. Magetsi a pa laini sasungika ngati chimanga. Amapangidwa sekondi yomweyo yomwe mukuwagwiritsa ntchito. Pakati pa usiku makina amakhala ndi mpata. Koma kuyambira cha m'ma 5 koloko madzulo mpaka cha m'ma 9, ndi m'mawa anthu akamakonzekera ku ntchito, dziko lonse limayatsa nthawi imodzi. Zofuna zikapyola zomwe makina angapange, a ESCOM amachita zomwe buleka yanu imachita: amadula madera ena kuti zonse zisagwe.

Tidaziona bwino mu January 2022, namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi. Makinawo adabwerera mu 2023, ndipo pakati ponsepo anthu ankasita zovala 2 koloko usiku. Magetsi a dzuwa athandiza ndithu. Ku Salima kuli malo opanga mamegawati 60 omwe adatsegulidwa mu 2021, ndipo ku Golomoti kuli a mamegawati 20. Koma dzuwa limalowa nthawi yomwe mayi akutereka mphika. Ku Golomoti adaikako mabatire osunga magetsi, koma mphamvu yake ndi mamegawati 5 okha. Chotsekera mpata wa madzulo chakhala majenereta a dizilo, monga a ku Mapanga, ndipo mpaka 2022 padalinso aja boma lidabwereka ku kampani ya Aggreko mu 2018, ena mwa iwo adaikidwa pa Chichiri pomwepa. Magetsi a dizilo ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo dizilo timagula ndi ndalama zakunja zomwe tikuzisowa ngakhale pa mankhwala ndi feteleza. Damu la Mpatamanga, lomwe likuyembekezeka kupanga mamegawati pafupifupi 350, adalikonza kuti lizisunga madzi n'kuwatulutsa mwamphamvu pa maola ovutawa. Laini yochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete kufika ku Phombeya ku Balaka cholinga chake n'kutilumikiza ndi magetsi a maiko a kummwera kwa Africa. Zonsezi ndi ndalama zankhaninkhani, ndipo gawo lalikulu likupita pa maola anayi a madzulo.

Mwina mukuti, giza yanga imodzi ingasinthe chiyani? Tiwerenge. Nkula A, siteshoni yoyamba pa Shire, idayamba kugwira ntchito mu 1966 ndi mamegawati 24. Giza imodzi ndi makilowati 3. Magiza 8,000 oyaka nthawi imodzi akadameza Nkula A yonse ya nthawi imeneyo. Magiza amenewo atayatsidwa 10 koloko usiku m'malo mwa 6 koloko, eni ake asamba madzi otentha omwewo, koma Bangwe kapena Machinjiri sathimitsidwa chifukwa cha iwo. Kumbukiraninso kuti kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi a ESCOM. Tonse omwe tili ndi giza ndi kuka ndife kagulu kochepa, ndipo pamzere pali anthu ambiri omwe akudikira kulumikizidwa.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndimaona kuti a MERA ndi ESCOM akuchedwa nacho. Mafakitale akuluakulu amalipira malinga ndi nthawi. Yuniti ya nthawi yopanikizika imakwera mtengo, ya usiku imatsika, ndipo amalipiranso potengera katundu wamkulu kwambiri yemwe anyamula pa mweziwo. N'chifukwa chake mwini fakitale sayatsa makina onse nthawi imodzi. Koma ife a m'nyumba, yuniti ya 6 koloko madzulo ndi ya pakati pa usiku mtengo wake ndi umodzi. Munthu wosuntha giza yake sapindula ngakhale tambala, ndiye achitirenji? Maiko ena adalipeza yankho. Ku Italy nyumba zambiri zili ndi malire a makilowati 3 okha, omwe ndi giza yathu imodzi, ndipo mwana amakula akudziwa kuti uvuni ndi makina ochapira siziyakira pamodzi. Wofuna ambiri amalipira zambiri. Ku France nakonso munthu amasankha yekha kukula kwa magetsi a nyumba yake, ndipo ndalama ya pamwezi imatsata pamenepo. Abale athu a ku Johannesburg akuuzani kuti kampani yawo ya magetsi ya Eskom ili ndi magetsi a maampu 20 ndi a maampu 60, mitengo yake yosiyana, ndipo makhonsolo ena kumeneko amazimitsa magiza a anthu kuchokera kutali nthawi ikapanikiza. Kuno kungotsitsako mtengo wa yuniti ya usiku, anthu a ku Kanjedza sangachite kuwapempha pa wailesi. Atha kusuntha okha.

Mayi wina akumvetsera akuti, ndiye mukufuna tibwerere ku mbaula? Ayi mayi, sindikutero. Yang'anani phiri la Ndirande ndi la Soche momwe adameteka, ndipo kumbukirani zomwe zidachitika ku Chilobwe mu March 2023 pa namondwe wa Freddy. Dothi lokokoloka m'mapiri opanda mitengo ndi lomwe limakadzaza m'madamu a pa Shire n'kuchepetsa magetsi omwewo. Kuphika ndi magetsi ndi kwabwino, ndipo pa zonse zoyaka madzulo, mphika ndiwo uyenera kukhala woyamba. Zina zonse zipatuke. Nyemba, zomwe zimadya maola atatu pa hotipuleti, ziphikidwe masana ngati pakhomo pali munthu, kapena mu pressure cooker ya magetsi, yomwe imakoka mawati pafupifupi 1,000 ndipo imapsetsa nyemba pa ola limodzi kapena osakwana. Amene angakwanitse kasilinda ka gasi, kamathandiza pa tiyi ndi ndiwo za madzulo. Giza muigulire kawotchi koyatsa ndi kuzimitsa kokha, kuti musamadalire kukumbukira.

China n'cha nthawi yomwe magetsi athima. Ambiri timangodzuka n'kusiya zonse momwe zinalili. Akabwera, magiza onse a m'dera omwe azizira, mafiliji onse ndi mapuleti onse oiwalika zimadzuka sekondi imodzi, ndipo n'chifukwa chake nthawi zina amangoyaka mphindi ziwiri n'kuthimanso. Akathima, zimitsani kuka, giza, simbi ndi hita pakhoma, musiye babu limodzi lokudziwitsani. Akabwera, dikirani pang'ono, muziyatsa chimodzichimodzi. Simbi yoiwalika pa bedi magetsi atathima yatenthapo nyumba za anthu eni ake ali ku tchalitchi.

Eni nyumba za lendi, ndimalize ndi inu, chifukwa alendi anu alibe mphamvu pa bokosi la pakhoma. Sabata ino tsegulani chitseko cha bokosilo, muwerenge manambala olembedwa pa mabuleka, musakhudze mawaya. Lembani zipangizo zotenthetsa zonse za pa mpanda wanu, za alendi zomwe, mugawe mawati ake ndi 230. Ngati zikupyola nambala ya buleka yaikulu, khalani pansi ndi alendi mugwirizane za nthawi. Ngati pali chipinda chomwe chikuyendera waya woponya pa mpanda, itanani mmisiri wa chiphaso nyengo yozizira isanafike, mahita asanatuluke m'makatoni. Ndipo akakuuzani kuti tingoikapo buleka yaikulu, mufunseni kaye kuti waya wake ndi wa mamilimita angati.